Mbiri ya John Buchan, mwana wa abusa amene anabala kazitape Richard Hannay

Awerengi, inu amene munapitako ku sekondale m'zaka zoyambirira za ufulu wathu mudzakumbukira timabuku tija tothothoka cikuto timene tinali kuyenda dzanja ndi dzanja m'nyumba zogona ana a sukulu. Munthu akabwereka Lolemba, pofika Lacitatu otsatira pamzere anali atayamba kale kumulondalonda. Ena anali kukonda James Hadley Chase, amene aphunzitsi sanali kufuna n'kumuona komwe. Ena anali kudikira magazini ya African Film kuti aone Lance Spearman akugwetsa zigawenga cipewa cili pamutu. Koma panalinso mabuku ena amene aphunzitsi eni ake anali kutipatsa ndi manja awiri, ndipo pakati pa amenewa panali The Thirty-Nine Steps ndi Prester John. Anawalemba ndi John Buchan. Ambiri a ife tinamuwerenga osadziwa kuti anali mwana wa abusa, mkulu wa mpingo, ndiponso munthu amene pa unyamata wake anagwirapo nchito yogulira azungu minda ku South Africa.

Ngwazi ya m'mabuku ake a nkhondo ndi ukazitape, Richard Hannay, sinali mlendo kwenikweni kwa ife. Buchan anamupanga kukhala katswiri wa za migodi amene anakulira kuno kum'mwera kwa Africa, napeza cuma cake, nacoka ku Bulawayo kupita ku London. Njanji iyi imene imawoloka mtsinje wathu wa Kafue pa mlatho umene unamangidwa mu 1906 inayalidwira anthu a mtundu wake, ofunafuna miyala ya ndalama amene anali kuthamangira ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Tsono nkhani ya Buchan ili ndi mbali yathu, ngakhale kuti iye anabadwira kutali.

Anabadwa pa 26 Ogasiti 1875 mumzinda wa Perth ku Scotland. Atate ake, amenenso dzina lawo linali John Buchan, anali abusa a mpingo wa Free Church of Scotland, ndipo amai ake, a Helen Masterton, anali mwana wa mlimi woweta nkhosa ku Broughton. A mpingo muonepo apa: m'caka comweco ca 1875, mpingo womwewo unatumiza amishoni ake oyamba ku nyanja ya Malawi, amene anayambitsa Livingstonia. Nthambi za mishoni imeneyo ndizo zinafika ku Mwenzo, ku Lubwa ndi ku Chitambo, ndipo mu 1965 zinalowa mu United Church of Zambia limodzi ndi a Methodist amene anamanga sukulu yakale ija ya anyamata kuno ku Kafue. Mnyamata Buchan anakulira m'nyumba ya mapemphero a m'mawa ndi madzulo, ya masalmo ndi Sabata losaseweretsa, ndipo buku limene linamulowa m'magazi pambali pa Baibulo linali The Pilgrim's Progress la John Bunyan, lija la ulendo wa Mkhristu, limene amishoni analimasulira m'zinenero zambiri za mu Africa kuphatikizapo Cinyanja.

Ali ndi zaka pafupifupi zisanu anagwa m'ngolo ya akavalo ndipo gudumu linamuponda mutu. Anagona pamphasa pafupifupi caka cathunthu, nakhala ndi cipsera pamphumi moyo wake wonse. Atacira, masiku a holide anali kupita kwa agogo ake akucikazi ku Broughton, kukayenda m'mapiri ndi oweta nkhosa ndi kukawedza nsomba m'timitsinje. Mapiri amenewo ndiwo anadzakhala pothawira Hannay. Mu 1888 banja linasamukira ku Glasgow, kumene atate ake anapatsidwa mpingo ku Gorbals, komboni ya anthu osauka. Anaphunzira pa yunivesite ya Glasgow, kenaka mu 1895 anapita ku Oxford. Ndalama kwa abusa zinali zocepa monga zimakhalira, kotero iye anali kulemba mabuku ndi nkhani za m'nyuzipepala kuti adzithandize pa sukulu. Mu 1901 anabvomerezedwa kukhala loya.

Ulonda wa malamulo sanaukhalire. M'caka comweco Lord Milner, amene anali bwanamkubwa wa Angelezi ku South Africa, anamuitana kuti akhale mmodzi wa alembi ake. Nkhondo ya Angelezi ndi Mabunu inali isanathe. Asilikali a Angelezi anali atatentha mapulazi a Mabunu, nasonkhanitsa akazi ndi ana m'misasa yochingidwa ndi waya, mmene cikuku ndi matenda a m'mimba zinali kusesa anthu. Mabunu oposa 26,000 anafera m'misasamo, ambiri a iwo ana, ndipo anthu akuda osacepera 14,000 anafera m'misasa yawo yapadera, imene kwa zaka zambiri olemba mbiri sanali kuichula n'komwe. Buchan, mnyamata wa zaka 26, anali mmodzi wa amene anapatsidwa nchito yokonza misasa ya Mabunu, ndipo m'miyezi yoyamba ya 1902 imfa zinatsikadi. Pamenepa tiyenera kumupatsa ulemu wake.

Koma nchito yake yaciwiri, alimi anzanga, ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa. Milner anali ndi colinga cakuti kumidzi ya ku Transvaal ndi ku Orange River kudzaze alimi ocokera ku Britain, kuti Mabunu asadzadzukenso. Buchan ndiye anali kuyenda pa kavalo ndi pa ngolo kuona nthaka, kugulira boma malo ndi kukonza za obwerawo. Alimi a ku Britain sanabwere ambiri monga Milner anali kuyembekezera. Koma mkangano wonsewo unali pakati pa azungu awiri olimbirana munda, pamene mwini munda weniweni ataimirira pambali khasu lili paphewa. Patangopita zaka khumi, lamulo la malo la mu 1913 linasiyira anthu akuda a ku South Africa gawo losakwana cakhumi ca dziko lawo. Ife kuno tinaonanso zofanana nazo mu 1928 ndi 1929, pamene boma la atsamunda linadula malo osungiramo anthu akuda, nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji ndi ya ku Fort Jameson n'kutsalira azungu. Buchan sindiye analemba malamulo amenewa, koma maganizo amene anawabala iye anali nawo, ndipo anawalemba poyera m'buku lake la 1903, The African Colony.

Dzikolo analikonda ndi mtima wonse, makamaka mapiri a nkhungu a Woodbush kumpoto kwa Transvaal. Atabwerera ku London mu 1903, mtima unatsalira komweko. Mu 1907 anakwatira Susan Grosvenor, wa m'banja la anthu apamwamba, ndipo anabereka ana anai. M'caka comweco analowa m'kampani yosindikiza mabuku ya Thomas Nelson and Sons, ya mnzake wa ku Oxford, Tommy Nelson.

Mu 1910 anatulutsa Prester John, buku limene anawalembera anyamata a ku Britain koma linadzafika m'manja mwa anyamata a ku Africa. Nkhani yake ndi ya David Crawfurd, mwana wa abusa wa ku Scotland amene apita kukagulitsa m'sitolo kumidzi ya ku Transvaal, napeza kuti mbusa wakuda, John Laputa, wophunzira kunja ndi wolalikapo m'machalichi a azungu, akukonza zoukira kuti abweze ufumu wa anthu akuda. Crawfurd asokoneza ciwembuco, ndipo Laputa, atalasidwa, adziponya kuphompho atabvala mkanda wa ufumu m'khosi. Buchan sanaitole m'mwamba nkhaniyi. Pa nthawiyo azungu anali ndi mantha ndi mipingo imene anthu akuda anali kuyambitsa paokha, ndipo mu 1906 Bambatha anali ataukira msonkho ku Natal.

Cimene cinadabwitsa ambiri ndi ici. Patapita zaka zosakwana zisanu, pa 23 Januwale 1915, mbusa weniweni dzina lake John, wophunzira ku America, anaukira atsamunda ku Nyasaland. Ndikunena John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, amene anaphedwa pa 3 Febuluwale caka comweco. Olemba mbiri akhala akuyerekeza Laputa ndi Chilembwe, koma kusiyana kwawo kumatiuza zambiri za Buchan. Laputa wa m'buku afuna mpando wa makolo, miyala yonyezimira ndi mwazi. Chilembwe anali kudandaula za thangata m'minda ya azungu ku Magomero, za kutenthedwa kwa machalichi ake a udzu, ndi za anthu akuda amene anali kutengedwa kukafera nkhondo ya eni ake. Buchan anatha kuona ukulu wa mtsogoleri wakuda, ndipo anamulemba wamkulu kuposa mzungu aliyense m'bukumo, koma madandaulo a munthu wamba wolima munda wa mwini sanawamve.

Tsopano tifike pa Hannay. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Buchan anali gone ku Broadstairs, m'mbali mwa nyanja, ndi zilonda za m'mimba, matenda amene sanamusiye mpaka imfa. Usilikali anamukaniza cifukwa ca thanzi. Pofuna kuiwala ululu anayamba kulemba nthano ya mtundu umene iye mwini anali kukonda kuwerenga akadwala, yothamanga, yosapatsa munthu mpata wopuma. Mwana wake William anadzafotokoza kuti dzina la bukulo linacokera ku masitepe otsikira kunyanja amene mlongo wake anali kuwawerenga pophunzira masamu. Nthanoyo inatuluka m'magazini ya Blackwood's mu 1915, pansi pa zilembo zakuti H. de V. m'malo mwa dzina la mlembi, ndipo mu Okutobala inatuluka monga buku. Pofika kumapeto kwa caka, makope 25,000 anali atagulidwa.

Amene munawerenga mukumbukira mmene imayambira. Hannay wafika ku London ndi ndalama zake, koma watopa nawo mzindawo, alibe mnzake, akulingalira zobwerera ku Africa. Usiku wina munthu wokhala naye nyumba imodzi, Scudder, amuuza za ciwembu ca akazitape a Germany, ndipo patapita masiku ocepa Hannay amupeza atabayidwa ndi mpeni m'cipinda cake. Apolisi akumufuna monga wakupha, akazitape akumufuna cifukwa ca kabuku ka Scudder, iye n'kubvala zobvala za wogulitsa mkaka, n'kukwera sitima ya ku Scotland. Kucokera pamenepo ndi liwiro lokhalokha m'mapiri opanda mtengo wobisalapo, ndege ikuzungulira pamwamba. Pena akhala wokonza mseu, fumbi kumaso, adani n'kumufunsa mafunso osamuzindikira. Nzeru imeneyi akuti anaiphunzira kwa Peter Pienaar, mlenje wacibunu, amene anamuuza kuti wofuna kubisala asangosintha malaya, koma adzikhulupirire yekha kuti ndiyedi munthu winayo.

Oyamba kulilandira ndi manja awiri anali asilikali a m'maenje a ku France. Linali laling'ono, lolowa m'thumba la jekete, ndipo makalata anayamba kufika kwa mlembi kucokera kunkhondo, onena kuti m'matope, m'mvula ndi m'mabomba, kabukuko kanali kuwaiwalitsa mabvuto kwa maola angapo. Ndiganiza kuti cifukwa cake n'cosabvuta kuciona. Msilikali wa m'dzenje anali ngati nyerere, wosadziwa cimene akuluakulu akonza, wongodikira bomba limene sadzaliona. Hannay anali munthu mmodzi, woyenda ndi miyendo yake, woganiza ndi mutu wake, ndipo zocita zake zinali kusintha nkhondo yonse.

Pamenepo funso linabuka limene silinathe mpaka lero: kodi Hannay ameneyu ndani? M'mabuku, za makolo ake timangomva pang'ono, kuti atate ake anamutenga kucoka ku Scotland ali ndi zaka zisanu ndi cimodzi. Amalankhula Cijeremani ndi Cibunu, anamenyako nkhondo ya Amandebele, amadziwa kuphulitsa miyala ndi kumasula zilembo zacinsinsi. Owerenga anakana kukhulupirira kuti munthu wotere angangocokera m'mutu. Dzina limene limachulidwa kwambiri, ndipo a m'banja la Buchan analibvomereza, ndi la Edmund Ironside, msilikali wa ku Scotland, cimunthu cacitali cimene anzake anali kucicha Tiny mocita kuseka. Buchan anakumana naye ku South Africa. Ca m'ma 1904 Ironside anadzisandutsa Mbunu woyendetsa ngolo za ng'ombe, nalowa m'dziko limene lero ndi Namibia, nagwira nchito pakati pa asilikali a Germany pa nthawi imene iwo anali kupulula Aherero, uku akuwazonda. Munthu yemweyo mu 1939 anadzakhala mkulu wa asilikali onse a pamtunda a Britain. Koma Ironside sanali wa migodi ndipo sanali wa ku Bulawayo. Zina za Hannay n'za alenje ndi ofufuza miyala amene Buchan anakumana nawo, ndipo zambiri n'za munthu amene Buchan wodwaladwalayo analakalaka atakhala.

Owerenga anafuna zina, ndipo anawapatsa. Mu 1916 munatuluka Greenmantle, mmene Hannay, tsopano ali meja wobvulala ku nkhondo ya ku Loos, atumidwa kudutsa m'dziko la Germany mpaka ku Constantinople ndi ku Erzerum kukafufuza ciwembu cofuna kudzutsa Asilamu kuti aukire Angelezi. M'bukuli muli munthu wacinsinsi woposa Hannay, Sandy Arbuthnot, wodziwa zinenero za kum'mawa, wosowa miyezi n'kutulukira atasanduka munthu wina. Ameneyu anamutengera kwa Aubrey Herbert, mnzake wa ku Oxford, amene anthu a ku Albania anamupemphapo kuti akhale mfumu yawo. Mulinso Blenkiron wa ku America, amene amangomwa mkaka ndi kudya nsomba yowiritsa cifukwa ca zilonda za m'mimba. Apa mlembi anali kudziseka yekha. Kuti bukuli likali ndi minga, taonani zimene zinacitika mu Julayi 2005: mabomba ataphulika mu London, wailesi ya BBC inacotsa sewero la Greenmantle limene inali itakonza kuulutsa.

Pa zaka zonsezi Buchan sanali kungolemba nthano. Anayamba kulemba mbiri ya nkhondoyo, imene inadzakwana mabuku 24, nkhondo ikali mkati, anatumikira ku likulu la asilikali ku France, ndipo mu Febuluwale 1917 boma linamuika kukhala mkulu wa dipatimenti yofalitsa nkhani, kunena mosabisa, yokometsera mbali ya Britain m'maso mwa dziko lapansi. Patangopita miyezi iwiri, pa 9 Epulo 1917, mng'ono wake Alastair ndi mnzake Tommy Nelson, yemwe uja anamulembera The Thirty-Nine Steps, anafa tsiku limodzi pa nkhondo ya ku Arras.

Cisoni cimeneco cimamveka m'buku lacitatu, Mr Standfast, la mu 1919, limene ine ndimaliyesa loposa onse, ndipo a mpingo ndilo lingakukhudzeni. Dzina lake ndi la mmodzi wa apaulendo a m'buku la Bunyan, ndipo akazitape a m'nkhaniyo amatumizirana mauthenga pogwiritsa nchito masamba a buku lomwelo. Peter Pienaar, mlenje wokalamba uja, waphunzira kuyendetsa ndege, wagwetsedwa, walemala mwendo, ndipo m'ndende ya adani wakhala akuwerenga Baibulo ndi Bunyan, akudziyesa yekha ndi anthu a m'menemo. Sadziyerekeza ndi ngwazi zazikulu. Asankha munthu wamba amene anangoima nji. Pamapeto akwera ndege komaliza, nakagunda dala ndege ya mdani kuti asapite kukaulula pamene mzere wa Angelezi unali wofooka. Pamanda pake Hannay awerenga mau a Bunyan. Mwana wa abusa analalika ulaliki wake wonse m'buku la akazitape, ndipo anthu amene sakanalowa m'chalichi anaumva mpaka kumapeto.

Komabe pali cinthu cimene sindingacilumphe. Nkhondo yomweyo inafika kwathu. Agogo athu anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo kupita kumalire a kumpoto, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Ku Nyasaland kokha amuna pafupifupi 200,000 anagwira nchito imeneyi. Mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Hannay, munthu wa ku Africa, amachula Africa kawirikawiri, koma kwa iye ndi dziko la mikango, la migodi ndi la kukumbukira unyamata. Anthu akuda akachulidwa, kawirikawiri ndi mwa fanizo lonyoza, ndi mau amene sindingawalembe pa tsamba lino. Za Ayuda namonso muli zonyoza, makamaka m'kamwa mwa Scudder, ngakhale kuti Buchan mwini, Hitler atayamba kuzunza Ayuda, anali mmodzi wa aphungu amene anatsutsa poyera. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ife tinawerenga bwanji? Woyankha bwino funsoli ndi Chinua Achebe wa ku Nigeria. Iye anafotokoza kuti ali mnyamata pa sukulu ya Umuahia anawerenga Buchan ndi Rider Haggard, ndipo powerengapo anali kumbali ya mzungu, akukondwera akapambana, akuipidwa ndi anthu akuda a m'nkhanimo. Panapita nthawi kuti azindikire kuti iye sanali m'gulu la ngwaziyo, koma anali mmodzi wa aja oopsa obisala m'chire. Kuzindikira kumeneko n'kumene kunamukankhira kulemba Things Fall Apart, limene linatuluka mu 1958. Achebe yemweyu anafikako kuno tisanalandire ufulu, nakwera basi yopita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, nakhala kutsogolo kumene kunali kwa azungu okha, nakana kucoka. Ndipo ndiye anali mlangizi woyamba wa mndandanda wa mabuku a African Writers Series, mmene buku lacinai linali Zambia Shall Be Free la a Kenneth Kaunda, mu 1962.

Ine ndibvomere kuti ndinali ngati Achebe wacicepere. Hannay akamathawa, mtima wanga unali kuthawa naye. Koma ndikumbukira kuti pa Prester John kalasi yathu inagawikana. Ena anali ndi Crawfurd, cifukwa ndiye anali kusimba nkhani ndipo ndiye mayeso anali kufunsa. Ena, makamaka aja akuluakulu amene anayamba sukulu mocedwa ndipo anali ataonako cipani cikuyenda m'midzi, anali ndi Laputa, ndipo imfa yake inawapweteka ngati maliro a pamudzi. Mnzanga wina anakhala milungu ingapo akudzicha Laputa. Palibe mphunzitsi anatiuza kuti titero, ndipo sindikhulupirira kuti Buchan, polembera anyamata a ku Edinburgh ndi ku London, analota kuti tsiku lina mwana wa mlimi wa cimanga adzawerenga buku lake cambuyo.

Nkhondo itatha Buchan anagula nyumba ku Elsfield pafupi ndi Oxford, nafuna kuti anthu amudziwe ndi mabuku olemera, a mbiri ya Montrose, Walter Scott, Oliver Cromwell ndi Augustus. Owerenga sanamulole. Kumayambiriro kwa The Three Hostages, la mu 1924, iye mwini akusimba za mnyamata wa sukulu ya Eton amene anapatsidwa limodzi la mabuku ake a mbiri monga mphatso, nakhumudwa, nalembera mlembiyo kalata yomudzudzula ndi kumulamula kuti abwerere kwa Hannay. Buchan anamvera. Lomaliza, The Island of Sheep, linatuluka mu 1936, Hannay atakalamba, ali ndi mkazi, mwana ndi munda, akuopa kuti moyo wofewa wamudya mafupa. Mabuku a Hannay onse pamodzi ndi asanu, mwa mabuku oposa 100 amene munthuyu analemba, ndipo asanuwo ndiwo anamusungira dzina. Mu 1935 Alfred Hitchcock anapanga filimu ya The 39 Steps, nasintha nkhani kwambiri mpaka kuikamo mkazi amene m'buku mulibe. Ena anadzapanganso mu 1959 ndi mu 1978. Olemba nkhani za akazitape amene anadza pambuyo, kuphatikizapo Ian Fleming wa James Bond, anayenda m'njira imene iye analambula.

Za ndale ndi maudindo tingodutsamo. Anakhala phungu wa nyumba ya malamulo kuyambira 1927 mpaka 1935. Anali mkulu wa mpingo pa chalichi ca St Columba's ku London, ndipo mu 1933 ndi 1934 anaimirira mfumu pa msonkhano waukulu wa Church of Scotland, amai ake okalamba, mkazi wa abusa a ku Gorbals, akuona ndi maso. Mu 1935 anapatsidwa dzina lakuti Lord Tweedsmuir natumizidwa kukakhala bwanamkubwa wa Canada. Kumeneko anayenda dziko lonse mpaka kumadera ozizira a kumpoto, anayambitsa mphotho za olemba mabuku zimene zikuperekedwabe, ndipo anali kulimbikitsa mitundu yosiyanasiyana yosamukira kumeneko kuti isataye zinenero ndi miyambo yake. Uphungu umenewu anali kuupereka kwa anthu ocokera ku Ukraine ndi ku Iceland. M'mabuku ake a za Africa simuupeza.

Pa 6 Febuluwale 1940, nkhondo yaciwiri itayamba kale, anacita sitiroko m'nyumba ya boma ku Ottawa, nagwa, namenyetsa mutu. Madokotala a ku Montreal anamucita opaleshoni koma sizinathandize, ndipo anamwalira pa 11 Febuluwale ali ndi zaka 64. Anali atangomaliza mabuku awiri, la mbiri ya moyo wake, Memory Hold-the-Door, ndi nthano ya Sick Heart River, ya loya wodwala amene apita kukafera kumpoto kwa Canada akuthandiza anthu a mtundu wa komweko amene anali kutha ndi njala ndi matenda. Phulusa la thupi lake analitumiza ku Elsfield.

M'buku la moyo wake analemba kuti ali mnyamata anatsimikiza mtima kuti akadzakalamba adzabwerera ku Woodbush, kukamanga nyumba ndi kukasiya mafupa ake kumeneko. Sanabwerere. Okonda mabuku ake anamuikira mwala wa cikumbutso m'mapiri omwewo, m'dera la Magoebaskloof, m'cigawo cimene lero ndi Limpopo. Dzina la malowo ndi la mfumu Makgoba, imene inakana kucoka pa nthaka ya makolo ake pamene boma la Mabunu linaigawira azungu, ndipo inadulidwa mutu m'nkhalango zomwezo mu 1895, zaka zisanu ndi cimodzi Buchan asanafike ku South Africa.